KHOLA LA MBEU: AKAVALO A ABASUTU NDI NG'OMBE ZATHU ZA ANGONI

Inu alimi a ku Petauke ndi a ku Nyimba, palibe mmodzi wa inu amene amadya cimanga cace conse osasiyako mbeu. Nthawi ya masika mumapatula cimanga cacikulu, ca maso odzala bwino, ndi kucipacika pamwamba pa moto kuti utsi uingitse anankafumbwe. Njala ingabvute bwanji, cimanga cimeneco sicipita kumtondo. Ndi nshawa mumacita cimodzimodzi. Koma pofika kukhola ambiri amaiwala nzeru imeneyi. Wogula akabwera ndi galimoto lace amaloza ng'ombe yonenepa ndi yokongola koposa zonse, mwini wace nalandira ndalama, ndipo m'khola mumatsala zofooka. Zofookazo ndizo zidzabala ana a caka camawa.

Kabuku aka kanena za khola la mbeu, ndiko kuti khola limene banja liwetamo ziweto zosankhika za mtundu umodzi, kuti mtunduwo usatayike, koma unke nukoma mbadwo ndi mbadwo. Tiyamba ndi nkhani ya akavalo a dziko lakutali, cifukwa kumeneko zonse zinaoneka poyera: kukula kwa mtundu, kuonongeka kwace, ndi kupulumuka kwace m'makola a alimi wamba. Tikatha imeneyo tidzabwera ku ng'ombe zanu.

CIFUKWA CACE KUNO KULIBE AKAVALO

Ambiri a inu simunakwerepo kavalo, amene ena amati hachi, ndipo kapena munangomuona ku Lusaka apolisi atakwerapo. Sikuti makolo athu anali aulesi poweta ai. Dziko lino limkana kavalo. Mdani woyamba ndiye kashembe, nchenche ija yoluma imene yadzala m'cigwa ca Luangwa ndi m'mathengo ena a kumtunda kuno. Kashembe akaluma ciweto amasiya tizirombo m'magazi, ndipo kavalo amafa nato msanga koposa ng'ombe. Mdani waciwiri ndiyo nthenda ya akavalo imene imafalitsidwa ndi touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi usiku, makamaka m'dzinja. Mbidzi zimakhala nayo nthendayi m'thupi osadwala, koma kavalo akaitenga mapapo ace amadzala madzi, ndipo ambiri sacira. Abulu amapirira koposa akavalo, ndico cifukwa cace m'midzi ina muona abulu akukoka ngolo, koma kavalo ai.

Dziko la Lesotho, limene kale linali kuchedwa Basutoland, liri losiyana ndi lathu. Ndi dziko la mapiri atali ndi cisanu coopsa, lozingidwa ndi South Africa mbali zonse. Kashembe kulibe, ndipo kavalo amakula bwino.

KAVALO WA ABASUTU

Akavalo oyamba anafika ku Cape m'caka ca 1653, atatengedwa pa zombo kucokera ku cisumbu ca Java. Kwa Abasutu anafika mocedwa, ca m'ma 1830, m'masiku a mfumu yao yaikulu Moshoeshoe, amene anakhala pa phiri la Thaba Bosiu. Ena anawalanda pankhondo, ena anawagula, ndipo ena anawalandira ngati malipiro a nchito m'mapulazi a Mabunu. Zisanathe zaka 50, Abasutu anasanduka mtundu wa anthu okwera pa akavalo.

Taonani cimene mapiri anacita. Akavalowo sanamangiridwe nyumba, sanapatsidwe cimanga kapena mankhwala. Anagona panja m'cisanu, nadya udzu wouma wa m'mapiri, nayenda pamiyala tsiku ndi tsiku. Amene anali ndi ziboda zofewa anapunduka, amene sanapirire njala anafa, ndipo otsalawo ndiwo anabalana. Patapita mibadwo ingapo panaoneka kavalo wina: wamfupi, wosakwana mita imodzi ndi theka paphewa, wa msana wolimba, wa ziboda zosafuna nsapato zacitsulo, wofatsa, wotsika materezi a mapiri osapunthwa atanyamula munthu. Pa nkhondo ya mfuti ya 1880 ndi 1881, pamene Boma la Cape linafuna kulanda mfuti za Abasutu, akavalo amenewa anathandiza eni ace kwambiri, ndipo mfutizo sizinalandidwe.

Cimene cinaononga kavalo ameneyu ndiko kuchuka kwace. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, kuyambira 1899 kufikira 1902, ankhondo anafuna akavalo opirira, ndipo ogula analowa m'Basutoland ndi ndalama zambiri. Akavalo zikwizikwi anagulitsidwa. Wogula pankhondo sasankha wopunduka. Anatenga amphongo amphamvu ndi akazi abwino, ndipo ambiri a iwo anafera kunkhondoko. Abasutu anatsala ndi ndalama m'manja, koma mbeu inapita. Pofuna kukonza zinthu, Boma la Angerezi linabwera ndi akavalo amphongo a mitundu yakunja, a ku Arabia ndi aja othamanga pa mipikisano, kuti akwere akazi otsalawo. Ana anabadwa atali ndi okongola m'maso, koma si onse anali ndi kupirira kwa makolo ao. Udzunso unayamba kucepa cifukwa ca kucuruka kwa ziweto ndi kukokoloka kwa nthaka. Pofika ca m'ma 1950, anthu odziwa za ziweto anati kavalo weniweni wa Abasutu watsala pang'ono kutha.

MBEU INAPEZEKA KU BANJA LA ALIMI

M'caka ca 1952 Boma la South Africa linayamba nchito yopulumutsa mtunduwo pa munda wace woyeserapo za ulimi wochedwa Nooitgedacht, pafupi ndi mzinda wa Ermelo. Koma Boma silingapange kavalo ndi pepala. Anayenera kufunafuna kumene kunatsala akavalo a magazi akale, ndipo anawapeza kwa alimi. Gulu loyamba analigula ku banja la Cloete, alimi a ku Molteno, dziko lozizira la kumwera kwa Lesotho. Banja limeneli linali litaweta akavalo a mtundu wa Abasutu zaka zambiri pa nchito za pamunda pao, osawasanganiza cisawawa ndi mitundu ina. Akazi ena owerengeka anagulidwa ku banja la Willemse ku Memel. Wamphongo wochuka wa gulu loyambalo dzina lace anali Vonk, ndipo akavalo ambiri a mtunduwu lero ali zidzukulu zace.

Colinga ca nchitoyo sicinali kupeza kavalo wa mpikisano kapena woonetsa alendo. Anafuna kavalo wa mlimi: wofatsa kuti mwana akwerepo, wolimba miyendo, wokhuta ndi udzu wa m'dziko lomwelo. Posankha anali ouma mtima. Ana ambiri obadwa sanaloledwe kubala; amphongo osakwanira anathenedwa, ndipo akazi osakwanira anacotsedwa m'gulu. Popeza akavalo oyambawo anali ocepa, panali ngozi yakuti acibale azikwerana okhaokha, ndipo pa cifukwa ici analowetsamo amphongo owerengeka a kunja kwa gululo, osankhidwa mosamala, nalemba m'buku mwana aliyense ndi atate wace ndi amai wace.

M'caka ca 1967 Boma linayamba kupereka akavalo kwa alimi kuti atsegule makola a mbeu m'minda yao. Mu 1969 alimiwo anapanga bungwe lao, ndipo mu 1976 mtunduwo unabvomerezedwa ndi dzina lakuti Nooitgedacht. Pambuyo pace Boma linagulitsa akavalo ace, nchito yonse nitsala m'manja mwa mabanja oweta, monga inaliri poyamba. Ku Lesotho komweko nchito yokonzanso kavalo wa makolo inayamba mu 1978 ndi cithandizo ca dziko la Ireland, ndipo khola la mbeu la dziko lonse linamangidwa ku Thaba-Tseka, pakati pa mapiri. Kufikira lero kuli midzi ya m'mapiri kumene munthu amafika msanga pa kavalo koposa pa galimoto.

Onani bwino pamene panagona cipulumutso. Boma linagwira nchitoyo zaka zosakwana 30. Banja linasunga mbeu Boma lisanaganize za iyo, ndipo mabanja ndiwo anaisunga Boma litaleka.

NG'OMBE ZA ANGONI

Tsono kavalo wathu ife ndiye ng'ombe yaing'ono ya linunda imene iri m'khola mwanu. Akatswiri a ziweto amaicha Angoni. M'Zambia muli mitundu ina ya makolo, monga Barotse ya nyanga zazitali ku dziko la Alozi, ndi Tonga ku cigawo ca Kumwera, koma ya kuno Kum'mawa ndiyo Angoni. Muidziwa ndi linunda lace pamapewa, nyanga zazifupi, ndi khungu lolendewera kunsi kwa khosi. Maanga ace ngosiyanasiyana: zofiira, zakuda, zamathothomathotho. Abale ace ali ku Malawi ndi ku Angónia m'cigawo ca Tete ku Mozambique.

Mbiri yace ikhudza dziko lino lomwe. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa November 1835, tsiku limene kadamsana anagwira dzuwa. Ataoloka anakhala zaka zingapo m'dziko la Ansenga, ku Mkoko, asanapitirire kumpoto kufikira ku dziko la Afipa, kumene Zwangendaba anafera. Ulendo wonsewo anali kulanda ng'ombe za mitundu imene anaigonjetsa. Ndico cifukwa cace akatswiri amati ng'ombe za Angoni ziri pacibale ndi ng'ombe za linunda za kumpoto, ku East Africa, koposa ng'ombe za Azulu kumene Angoniwo anacokera. Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anabwerera nazo kumwera, nakhalanso pakati pa Ansenga, ndipo potsiriza anakhazikika kumene kuli Chipata lero. Angoni a Mpezeni amalankhula Cinsenga cifukwa ca amai ao a Cinsenga. Motero Msenga akaweta ng'ombe ya Angoni asayese kuti aweta ca mlendo.

Ng'ombe zimenezi zinapyola m'masautso awiri akulu. Loyamba linali mliri wa rinderpest wa m'zaka za m'ma 1890, umene unapha ng'ombe ndi njati zosawerengeka m'Africa muno. Nthenda imeneyo inalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse m'caka ca 2011. Laciwiri linali nkhondo ya January 1898, pamene asilikari a Angerezi ocokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni, napha Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zoposa 10,000. Zotsalazo zinabalana pang'onopang'ono. M'zaka zotsatira Acewa ndi Ansenga anayamba kuzigula ndi ndalama zocokera ku nchito za ku Southern Rhodesia ndi ku migodi, ndiponso ndi ndalama za nshawa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, pamene bungwe la alimi logulitsa mbeu linayamba ku Petauke, ndipo Boma linayamba kukongoza alimi ena ng'ombe zolimira, pulao ndi ngolo, ng'ombe inasanduka khasu la mlimi wa kuno.

Monga mapiri anasula kavalo wa Abasutu, momwemonso malimwe athu, nkhupakupa zathu ndi udzu wathu wouma zinasula ng'ombe ya Angoni. Thupi lace laling'ono limakhuta msanga. M'mwezi wa October, pamene dambo lapsya ndipo madzi ali kutali, imayenda, nidya mapesi ndi masamba a mitengo, nifika m'dzinja iri ndi mphamvu yolowa m'goli. Akatswiri amene anayesa ng'ombe za Angoni, za Barotse ndi za Boran pa munda wa Boma m'Zambia muno, nalemba zopeza zao mu 1980 ndi 1981, anaona kuti ana a Angoni anali opepuka koposa enawo, koma pa kubala kawirikawiri zazikazi za Angoni zinapambana. Mlimi aganizire bwino mau amenewa. Ng'ombe yaikulu yobala kamodzi pa zaka ziwiri siidzadzaza khola msanga monga yaing'ono yobala caka ndi caka. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Tisaname ai: ng'ombe ya Angoni si mwala. Kashembe amaipha ngati siilandira mankhwala monga Berenil kapena Samorin. Ofufuza amene anagwira nchito kumtunda kwa Petauke ndi Katete anapeza kuti kumene nyama za m'thengo zinatha, kashembe amadya makamaka magazi a ng'ombe. Nsaru zija zabuluu ndi zakuda zopakidwa mankhwala, zimene akulu ena akumbukira zitaimikidwa m'mathengo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, zinali misampha ya nchenche yomweyo. Cigodola naco cimapha mathole a Angoni. Nthenda imeneyi imadza ndi nkhupakupa zofiirira zokonda kukhala m'makutu. Thole limatupa kunsi kwa khutu ndi patsogolo pa phewa, thupi limatentha, ndipo potsiriza thobvu limaturuka m'mphuno. Katemera wace, wochedwa ndi dzina la Katete, anayamba kuperekedwa m'cigawo cino kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi cithandizo ca dziko la Belgium. Cimene tinena ndi ici: pa nthenda zimenezi ng'ombe ya makolo imapirira nthawi yokwanira kuti mlangizi afike, pamene ya mtundu wakunja kawirikawiri imagwa msanga.

NGOZI IMENE IRIPO

Zinthu ziwiri zimene zinaononga kavalo wa Abasutu ziri pakhomo panu. Coyamba ndico kugulitsa zabwino ndi kusiya zoipa. Ndipo pali cina cofanana naco cimene ambiri saciona. Mlimi akafuna ng'ombe zolimira amasankha mathole amphongo akulu ndi amphamvu, nawathena. Kamphongo konyozeka, kamene sikayenera goli, amakasiya cabe, ndipo ndiko kamasanduka nkhunzi ya mudzi wonse. Patapita zaka khumi anthu amadandaula kuti ng'ombe za masiku ano zacepa msinkhu, nanena kuti mtundu wa Angoni ngwacabe. Mtundu ulibe mlandu. Mpeni unagwa pa ng'ombe yolakwika.

Caciwiri ndico kusanganiza mitundu kopanda dongosolo. Nkhunzi za Brahman ndi za Boran zafika m'midzi yambiri, ndipo sitikuletsani kuzigwiritsa nchito. Mwana woyamba wa nkhunzi yotere ndi mai wa Angoni amakula msanga, ndipo pamsika amagulidwa bwino. Koma ubwino wa mwanayo theka lace licokera kwa amai wace. Mukapitiriza kukweretsa ana ndi zidzukulu ku nkhunzi zakunja, magazi a Angoni amanka nacepa, ndipo tsiku lina mudzakhala ndi ng'ombe zofuna cakudya cogula ndi mankhwala ambiri, zimene thumba lanu silingathe kuzisunga. Cilala ca 2024, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February caka comweco, cinakumbutsa alimi kuti udzu ndi madzi sizilonjezedwa caka ciri conse. Ndipo ngati makola onse asanganiza, mai weniweni wa Angoni mudzamgula kuti? Nkhunzi ya Brahman ingagulidwe ku mapulazi tsiku liri lonse, pakuti maiko ambiri amaiweta. Angoni ikatha kuno ndi kwa anansi athu a ku Malawi ndi ku Tete, palibe sitolo imene idzaigulitsa.

M'MENE BANJA LINGAYAMBIRE KHOLA LA MBEU

Simufunika ng'ombe zambiri. Zazikazi zisanu kapena khumi zikwanira poyamba. Khalani pansi ndi akazi anu ndi ana amene amapita kubusa, pakuti iwo ndiwo adziwa ng'ombe iri yonse ndi makhalidwe ace, ndipo funsanani za yaikazi iri yonse. Kodi yabala kangati? Kodi ana ace amakhala moyo? Kodi iri ndi mkaka wokwanira thole ndi wotsalako wa ana a m'nyumba? Kodi m'malimwe imaonda kufikira kuoneka nthiti, kapena imasunga thupi? Kodi nkhupakupa zimaikonda koposa zinzace? Muyang'anenso bere ndi nsonga zace, miyendo ndi ziboda. Maanga okongola asakunyengeni; khungu silikoka pulao. Zimene zapambana pa mafunso awa ndizo mbeu yanu, ndipo zimenezi sizigulitsidwa, ngakhale wogula achule mtengo wotani. Pakagwa bvuto la ndalama za sukulu kapena la matenda, gulitsani yokalamba, yosabala, kapena yothena imene yatha nchito.

Pa nkhunzi ndipo pofunika kudekha koposa, cifukwa yaikazi imakupatsani mwana mmodzi pa caka, koma nkhunzi imodzi ingakwere zazikazi 25 kapena 30. Musasankhe nkhunzi poyang'ana iyo yokha. Yang'anani amai wace. Thole lamphongo la mai wobala caka ndi caka, wa mkaka wambiri ndi wopirira, ndilo loyenera kusiyidwa. Likhale la cifuwa cacikulu, msana woongoka, miyendo yolimba, ndi macende awiri ofanana. Likhalenso lofatsa, pakuti ukali umapita kwa ana, ndipo ng'ombe yaukali imabvuta m'goli. Mukasankha limeneli, ndipo pokhapo musankhe za goli mwa otsalawo. Amphongo onse osafunika athenedwe akali ang'ono, asanakwane miyezi 6; mlangizi wa ziweto ali ndi cipangizo ca Burdizzo cimene cimathena popanda bala.

Apa pali cobvuta cimene sitingacibise. Ng'ombe za mudzi zimadyera pamodzi kudambo ndi kumwera pamodzi, ndipo nkhunzi ya mnansi siifunsa cilolezo. Banja limodzi palokha silingathe kuletsa zimenezi. Pali njira ziwiri. Ina ndiyo kupangana ndi anansi pamaso pa a nyakwawa, kuti timphongo tonse tosasankhika tithenedwe, ndipo mudzi ukhale ndi nkhunzi ziwiri kapena zitatu zobvomerezeka. Inayo ndiyo kuyang'anira zazikazi zanu. Yaikazi yosatenga bere imafuna nkhunzi pakapita masiku 21, ndipo nthawi yace siikwana tsiku lathunthu. Imalira, imakwera zinzace, ndipo imaima ciriri zinzace zikaikwera. Mbusa wocenjera akaona zimenezi aitsekere m'khola pamodzi ndi nkhunzi yanu tsiku limenelo. Mwana adzabadwa itapita miyezi 9 ndi masiku owerengeka.

Nkhunzi isakhale m'khola limodzi kufikira kukwera ana ace. Zikatha zaka zitatu, misoti yace yoyamba idzakhala itakula, ndipo nthawi yakwana yosinthana ndi banja lina loweta Angoni, makamaka la kutali, monga la ku Katete, ku Sinda kapena ku Lundazi. Kukwerana pacibale kumabala ana ofooka, ocedwa kukula ndi osabala bwino. Ndi ngozi yomwe ija imene oweta a ku Nooitgedacht anaiopa. Koma musayendetse ng'ombe kucokera ku dera lina popanda kalata ya a ofesi ya ziweto. Nkhunzi yobwera usiku ingabwere ndi nkhupakupa za cigodola, nimaliza khola limene munafuna kulikonza.

Gulani kabuku ka sukulu, ndipo mwana wodziwa kulemba akhale mlembi wa khola. Ng'ombe iri yonse ikhale ndi tsamba lace: dzina, mwezi ndi caka cobadwa, amai wace, atate wace ngati adziwika, ana amene yabala, matenda amene yadwala, ndi tsiku la katemera. Ena adzaseka, nati makolo sanalembe. Nzoona, koma makolo anali kukhala ndi ng'ombe zao tsiku lonse, ndipo nkhalamba inali kudziwa mzere wa ng'ombe iri yonse pamtima. Lero abusa ali kusukulu, anyamata ali ku Lusaka, ndipo cokumbukira cimapita ndi mwini wace kumanda. Kabukuko kalinso ndi phindu la ndalama. Munthu wogula ng'ombe ya nyama amalipira kulemera kwace kokha, koma wogula nkhunzi ya mbeu amalipira mbiri yace, ndipo mbiri yolembedwa ndiyo imakhulupirika.

Mbeu yabwino ifuna kudya. Mukakolola musatenthe mapesi a cimanga ndi masangwi a nshawa. Aunjikeni pa thandala lalitali pafupi ndi khola, kuti muzipatsa zazikazi za bere ndi zoyamwitsa m'miyezi ya September ndi October. Mathole alandire katemera wa cigodola pamene alangizi aitana, ndipo kusambitsa ng'ombe m'dibi kapena kuzipopera mankhwala kusalekeke m'dzinja, pamene nkhupakupa zicuruka. Pokama musamalize mkaka wonse. Thole lomanidwa mkaka limapinimbira, ndipo simudzadziwanso ngati kucepa kwace kucokera ku mtundu kapena ku njala.

KHOLA LISAFE NDI MWINI WACE

Nchito imeneyi njocedwa. Msoti wa m'mudzi umabala mwana woyamba uli ndi zaka zitatu kapena zinai, motero munthu amene ayamba lero adzaona mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi ya ng'ombe pa moyo wace wa nchito. Ndico cifukwa cace khola la mbeu liri nchito ya banja, si ya munthu mmodzi. Koma mudziwa zimene zimacitika pamaliro. Ng'ombe ina iphedwa, zina atenga a kucimuna, zina adzukulu ndi aphwa monga mwa mwambo wa Ansenga ndi Acewa, ndipo khola limene linasankhidwa zaka 20 limabalalika pa sabata imodzi.

Lamulo la Zambia la 1989 lonena za cuma ca munthu wofa osasiya kalata limagawa motere: ana alandira magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndipo ena amene anali kudalira malemuyo 10. Lamuloli limateteza amasiye, koma silidziwa kuti ng'ombe iyi ndi ya mbeu ndipo iyo ndi ya nyama. Cotero mwini khola anene mau ace akali moyo. Aitane ana, aphwa ndi ankhoswe, nawaonetse kabuku, napangane nao kuti ngakhale ng'ombe zidzakhale ndi eni osiyana, zazikazi za mbeu ndi nkhunzi zidzagonabe m'khola limodzi, ndipo ogawana adzagawana ana obadwa. Ngati afuna kuti mauwo alimbe, alembe kalata ya cuma camasiye ndi kuisaina pamaso pa mboni ziwiri.

Inu a m'cigwa, kwa Luembe, kwa Nyalugwe ndi kwa Mwape, kumene kashembe salola ng'ombe kucuruka, musati nkhani iyi njaeni a kumtunda okha. Mbuzi zanu zazing'ono ndi nkhuku za m'mudzi nazo ndi mitundu ya makolo imene inazolowera kutentha kwa Luangwa. Njira njomweyo: sungani mai wobala mapasa ndi wolera bwino, siyani tonde wobadwa kwa mai wotere, thenani ena onse, ndipo sinthanani atonde ndi mudzi wina caka ndi caka. Mbuzi imabala itapita miyezi 5, motero inu mudzaona kusintha kwa khola lanu msanga koposa anzanu oweta ng'ombe.